Dorothy Macardle: kodi mbiri yolembedwa ndi munthu amene anali mbali imodzi ya nkhondo ingakhulupiridwe?

Funso lafika kuchokera kwa mphunzitsi wina wa phunziro la mbiri pa sukulu ya sekondale. Iwo akuti pokonzekera kuphunzitsa za mmene maiko amene ankalamulidwa ndi Britain anapezera ufulu, akumana mobwerezabwereza ndi dzina la Dorothy Macardle wa ku Ireland ndi buku lake lotchedwa The Irish Republic, koma adabwa kumva kuti mayi yemweyu ankalembanso zisudzo ndi nthano za mizukwa, ndiponso kuti anakhalako m'ndende chifukwa cha ndale. Akufuna kudziwa kuti mayiyu anali ndani, komanso ngati n'koyenera kudalira buku la mbiri lolembedwa ndi munthu amene anatengako mbali pa nkhondo imene akuifotokozayo.

Aphunzitsi, yankho langa mwachidule ndi lakuti bukulo mungalidalire pa zikalata, masiku ndi mawu a anthu amene lawasonkhanitsa, koma musalidalire pa chigamulo chake cha amene analakwa ndi amene analondola. Komabe kuti muone chifukwa chake ndikunena choncho, m'pofunika kumudziwa mlembiyo, pakuti moyo wake umasonyeza munthu amene anali wokhulupirika kwa mtsogoleri mmodzi kwa zaka zoposa makumi atatu, koma osalola kuti mtsogoleriyo amuganizire.

Dorothy Macardle anabadwa mu 1889 mu mzinda wa Dundalk, kum'mawa kwa Ireland, pafupi ndi pamene lero pali malire a Northern Ireland. Sanabadwire mu umphawi umene ambiri amauganizira akamva za omenyera ufulu. Bambo ake, Thomas Callan Macardle, anali mkulu wa kampani yofulula mowa ya Macardle Moore, Mkatolika wolemera amene ankafuna kuti Ireland akhale ndi nyumba ya malamulo yakeyake ku Dublin koma akhalebe pansi pa ufumu wa Britain. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse bamboyu anathandiza kulemba anyamata usilikali wa Britain, ndipo boma la Britain linampatsa ulemu wa Sir. Mayi ake, Minnie Ross, anachokera m'banja la Angerezi ndipo ankakonda ufumuwo ndi mtima wonse. Mlongo wake wa Dorothy, Kenneth, anafera ku France mu Julayi 1916 pa nkhondo ya ku Somme atavala yunifolomu ya Britain, patangopita miyezi yochepa chichitikire kuukira kwa pa Isitala ku Dublin, pamene anthu ena a ku Ireland anatenga mfuti kulimbana ndi asilikali ovala yunifolomu yomweyo. Choncho mkangano umene anadzaulemba m'buku la masamba oposa chikwi unali utayamba kale m'nyumba ya makolo ake.

Anaphunzira pa Alexandra College, sukulu ya atsikana ya ku Dublin imene inali ya Apulotesitanti okonda Britain, kenako pa University College Dublin, kumene anamaliza digiri yake mu 1912. Chimene chinamukoka poyamba si ndale ayi koma mabuku ndi zisudzo, makamaka za Shakespeare, moti anakakhalako ku Stratford-upon-Avon, kwawo kwa Shakespeare, asanabwerere ku Dublin kukaphunzitsa Chingerezi pa sukulu yomwe iye anaphunzirapo. Chikondi chimenechi sichinamuchoke, pakuti buku lake lomaliza, limene linatuluka mu 1961 iye atamwalira kale, linali lofotokozera achinyamata moyo wa Shakespeare.

Dublin amene anabwererako anali mzinda umene zisudzo ndi ndale zinali zitalukana. Nyumba ya zisudzo ya Abbey, imene W. B. Yeats ndi Lady Gregory anaitsegula mu 1904, inali malo amene anthu ankapitako kukaona mbiri ya dziko lawo ikuseweredwa m'mawu a anthu wamba, ndipo kawirikawiri ankatulukamo akukangana. Macardle anachita lendi chipinda m'nyumba ya Maud Gonne, mayi wotchuka pa ndale zofuna ufulu, ku St Stephen's Green, ndipo kudzera mwa iye anadziwana ndi anthu a chipani cha Sinn Féin. Sewero lake lotchedwa Atonement linaonetsedwa ku Abbey mu 1918, Ann Kavanagh mu 1922, ndipo The Old Man mu 1925, pamene Dark Waters linaonetsedwa ku nyumba ya zisudzo ya Gate mu 1932. Sindinganene kuti anali m'gulu la akatswiri aakulu a zisudzo za ku Ireland, ndipo masewero ake saonetsedwa kawirikawiri masiku ano. Koma Ann Kavanagh ndi lofunika kwa ife chifukwa cha nkhani yake: likunena za nthawi ya kuukira ulamuliro wa Britain kwa mu 1798, pamene mkazi wa mtsogoleri wa oukirawo akuthandiza munthu amene gulu la mwamuna wake likumusaka. Ngakhale pa nthawi imene mtima wake unali wotentha kwambiri pa ndale, Macardle ankaona kuti chikumbumtima cha mkazi chingatsutsane ndi lamulo la gulu, ndipo funso limeneli linamutsata moyo wake wonse.

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono za mkangano umene unagawa dzikolo, popeza popanda kuumvetsa simungamvetse bukulo. Pa chisankho cha mu Disembala 1918, Sinn Féin inapambana mipando 73 mwa mipando 105 ya ku Ireland, ndipo aphungu ake anakana kupita ku London, m'malo mwake anakhazikitsa nyumba ya malamulo yawo, Dáil Éireann, pa 21 Januwale 1919, nalengeza kuti Ireland ndi lipabuliki, kutanthauza dziko lopanda mfumu ya Britain pamwamba pake. Inatsatira nkhondo ya zaka ziwiri ndi theka, imene inaimitsidwa mu Julayi 1921. Pa 6 Disembala 1921 nthumwi za Ireland, motsogozedwa ndi Arthur Griffith ndi Michael Collins, zinasainira pangano ku London. Panganolo linapatsa maboma 26 ufulu wodzilamulira pa dzina lakuti Irish Free State, koma dzikolo linayenera kukhalabe mu ufumu wa Britain, aphungu ake anayenera kulumbira kuti adzakhala okhulupirika kwa mfumu, ndipo maboma 6 a kumpoto analoledwa kukhalabe mbali ya United Kingdom. Collins ankati panganolo si ufulu wonse koma ndi njira yopezera ufulu wonse. Éamon de Valera, yemwe anali pulezidenti wa Dáil, ankati nthumwizo zinasaina osabwerera kudzamufunsa, ndipo zinagulitsa lipabuliki imene anthu anaifera. Pa 7 Januwale 1922 Dáil inavomereza panganolo ndi mavoti 64 kwa 57, ndipo pa 28 Juni chaka chomwecho anthu amene dzulo lake ankabisalira limodzi anayamba kuomberana.

Macardle anasankha mbali ya okana panganolo, ndipo ntchito yake inali yolemba ndi kufalitsa nkhani za gululo, limodzi ndi Erskine Childers, munthu amene ankamulemekeza kwambiri. Mu Novembala 1922 asilikali a boma latsopano anamumanga ku likulu la Sinn Féin ku Suffolk Street, ndipo anakhala miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi m'ndende za Mountjoy, Kilmainham ndi North Dublin Union. Ali ku Mountjoy anamva kuti Childers waomberedwa ndi boma pa 24 Novembala chifukwa chopezeka ndi kamfuti kamene Collins mwini anampatsa kale. Sukulu imene ankaphunzitsapo inamuchotsa ntchito, ndipo asilikali amene anachita chipikisheni m'nyumba ya Maud Gonne anatentha mapepala a Macardle, kuphatikizapo zolemba zimene zinali zisanasindikizidwe. Iyenso ananyanyala chakudya kwa masiku angapo pogwirizana ndi Mary MacSwiney, mkaidi mnzake wa gulu lokana panganolo, ndipo pamene akaidi aakazi ankasamutsidwa mokakamiza kuchoka ku Kilmainham, anali m'gulu la amene anakokedwa pa masitepe, nkhani imene anailemba m'nyuzipepala ya gulu lake. Ndikuzinena zimenezi kuti mudziwe kuti munthu amene analemba za boma la Free State mu 1937 anali munthu amene bomalo linamumanga, linamuphera mnzake, ndi kumutenthera ntchito ya zaka zambiri. N'zosatheka kuti munthu wotere alembe ngati mlendo wongodutsa.

M'ndendemo ndi mmene anayambira kulemba nthano za mizukwa, zimene zinatuluka mu 1924 m'buku lotchedwa Earth-bound, la nthano zisanu ndi zinayi. M'nthano zimenezi akufa a nkhondo zakale za Ireland sapumula, koma amabwerera kudzachenjeza kapena kudzatsogolera amoyo amene akuthawa adani. Chaka chomwecho anatulutsa kabuku kena, Tragedies of Kerry, kamene ine ndimakaona ngati ntchito yake yolimba mtima koposa. Mu Malichi 1923, bomba lokwiriridwa pansi litapha asilikali asanu a boma ku Knocknagoshel m'dera la Kerry, asilikali anzawo anabwezera mwankhanza: pa 7 Malichi anatenga akaidi asanu ndi anayi, kuwamangirira ku bomba pa Ballyseedy n'kuliphulitsa, ndipo asanu ndi atatu anafa pamene mmodzi, Stephen Fuller, anaponyedwa patali n'kupulumuka. Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso ku Killarney tsiku lomwelo ndi ku Cahersiveen patapita masiku asanu. Boma linalengeza kuti akaidiwo anafa mwangozi pochotsa mabomba amene anzawo anatchera. Macardle anapita ku Kerry, nasonkhanitsa umboni wa opulumuka ndi wa achibale, nausindikiza pa nthawi imene anthu amene anachita zimenezi anali adakali ndi mphamvu. Kabukuko kali ndi mawu otengeka mtima, ndipo kakulira akufa a mbali imodzi, koma pa mfundo yaikulu, yakuti akaidiwo anaphedwa mwadala, ofufuza a masiku ano amavomereza kuti Macardle ndiye ananena zoona ndipo boma ndilo linanama. Mfundo imeneyi ikuyenera kukhala m'mutu mwanu pamene wina akuuzani kuti mlembi wokondera sanganene zoona.

Mu 1926 de Valera anasiyana ndi Sinn Féin n'kuyambitsa chipani cha Fianna Fáil, ndipo Macardle anali mmodzi mwa ochiyambitsa, nakhala m'komiti yake yaikulu monga woyang'anira zofalitsa nkhani. Patangopita chaka chimodzi, mu Ogasiti 1927, de Valera ndi aphungu ake analowa mu Dáil atasainira lumbiro lomwe lija limene analikana mu 1922, akunena kuti ndi mawu chabe opanda tanthauzo. Macardle anatula pansi udindo wake m'komitiyo. Sanamunyoze de Valera pagulu, ndipo ubwenzi wawo unapitirira, moti pamene de Valera anayambitsa nyuzipepala ya Irish Press mu 1931, iye analowamo monga wounika zisudzo ndi wolemba nkhani za umphawi wa m'mizinda ndi za ana ovutika. Koma kutula pansi kuja kunali koyamba mwa maulendo atatu amene anakana kumutsatira mtsogoleri wake pa nkhani yaikulu.

Buku la The Irish Republic linamutengera zaka pafupifupi khumi, ndipo linasindikizidwa ku London ndi Victor Gollancz mu 1937, lili ndi mawu oyamba a de Valera, amene pa nthawiyo anali atalamula dzikolo kuyambira mu 1932. De Valera ndiye anamulimbikitsa kulilemba ndipo anamutsegulira makalata ake. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: mbali yovomereza pangano inali itafotokoza kale nkhani yake kudzera m'buku la P. S. O'Hegarty la mu 1924 ndi mbiri ya moyo wa Collins yolembedwa ndi Piaras Béaslaí mu 1926, ndipo m'mabuku amenewo de Valera ndiye ankaoneka woyambitsa nkhondo yapachiweniweni. Macardle sanabise mbali yake, pakuti m'mawu ake otsegulira ananena poyera kuti akulemba nkhaniyo monga mmene wokhulupirira lipabuliki amaionera.

Mphamvu ya bukuli ili pa zikalata. Muli makalata amene de Valera ndi nduna yaikulu ya Britain, David Lloyd George, analemberana mu 1921, muli mawu enieni a panganolo ndi a chikalata china chimene de Valera anachipereka kuti chilowe m'malo mwake, muli zolankhula za aphungu, zotsatira za zisankho ndi zilengezo za boma, zonse zitandandalikidwa motsatira masiku. Pa nthawi imene zosungira zakale za maboma onse awiri zinali zotsekedwa, wophunzira amene ankafuna kuona zimene zinalembedwadi analibe kwina kopita kofanana ndi kumeneku, ndipo n'chifukwa chake ngakhale olemba mbiri amene ankadana ndi maganizo ake ankalisunga pafupi. Macardle sanali wopeka zikalata kapena wosintha masiku, ndipo kulemba kwake n'kosavuta kutsatira, chifukwa luso la wolemba zisudzo linamuthandiza kudziwa pamene nkhani iyenera kufulumira ndi pamene iyenera kuima kuti woŵerenga amve mawu a munthu.

Kufooka kwake kuli pa kasankhidwe ndi kayalidwe ka zinthuzo. Lipabuliki imene inalengezedwa mu 1916 ndi mu 1919 imatengedwa ngati chinthu chopatulika chimene ngakhale mavoti a anthu sangachichotse, choncho chisankho cha mu Juni 1922, chimene ofuna panganolo anapambana momveka bwino, chimafotokozedwa ngati chisankho cha anthu oopsezedwa ndi nkhondo ya Britain. M'menemo muli choonadi, popeza Lloyd George anaopsezadi kuti nkhondo iyambiranso ngati nthumwi sizisaina, koma kutopa kwa anthu wamba amene ankangofuna mtendere sikupatsidwa malo okwanira. Zolakwa za de Valera, makamaka kukana kwake kupita yekha ku London kukatsogolera zokambirana ndiponso mawu ake otentha a mu Malichi 1922 onena za kudutsa m'magazi a anthu a ku Ireland, zimafotokozedwa m'njira yomuchepetsera mlandu. Apulotesitanti a kumpoto amene ankafunadi kukhala ndi Britain amaoneka ngati zida za andale a ku London, osati anthu okhala ndi mantha ndi zofuna zawozawo. Katswiri wa mbiri Joseph Lee anafika pomutchula Macardle kuti mlembi wotamanda wa lipabuliki, ngati wolemba mbiri za oyera mtima. Ine ndimaona kuti mawuwo ndi owawa kuposa mmene ayenera kukhalira, koma sanangochokera m'mwamba. Bukuli lili ngati munthu wodziwa kulankhula amene waimirira pa bwalo la amfumu kunenera mbale wake: mboni zake n'zenizeni ndipo sananame pa zimene zinachitika, koma amfumu sangagamule asanamve wa mbali inayo.

Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwe bukuli linatuluka ndi chimenenso Macardle anasemphana kwambiri ndi munthu amene bukulo likumuteteza. Chilengezo cha lipabuliki cha mu 1916 chinalankhula kwa amuna ndi akazi a ku Ireland mofanana, ndipo chinalonjeza ufulu ndi mwayi wofanana kwa nzika zonse. Akazi ngati iye anakhulupirira lonjezo limenelo ndipo ena analowera nalo m'ndende. Koma boma la de Valera linakhazikitsa lamulo la za ntchito la mu 1936 lopatsa nduna mphamvu yochepetsa chiwerengero cha akazi m'mafakitale ena, pamene aphunzitsi aakazi ndi ogwira ntchito m'boma ankachotsedwa ntchito akakwatiwa. Kenako mu Meyi 1937 de Valera anatulutsa malamulo atsopano oyendetsera dziko, amene ndime yake ya 41.2 imati mkazi amathandiza dziko kudzera m'moyo wake wa pakhomo, ndipo boma lidzayesetsa kuti amayi asakakamizike kukagwira ntchito n'kunyalanyaza udindo wawo wa m'nyumba. Macardle, amene sanakwatiwepo ndipo ankadzidyetsa ndi cholembera chake, analembera de Valera kalata yonena kuti sakuona mmene munthu aliyense wokhulupirira ufulu wa akazi angavomerezere malamulo amenewo, ndipo kuti zimenezi zaika pa mphanda yowawa anthu amene anagwira ntchito mokhulupirika pomenyera dziko. De Valera sanasinthe ndimeyo. Ilipobe mpaka lero, pakuti pa riferendamu ya pa 8 Malichi 2024 anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse amene anavota anakana mawu amene boma linafuna kuikapo m'malo mwake.

Ndi pamenepa pamene nthano za mizukwa, zimene zakudabwitsani, zimayamba kumveka. Mu 1941 anatulutsa nthano yaitali yotchedwa Uneasy Freehold, imene ku America inatchedwa The Uninvited ndipo inagulidwa kwambiri, mpaka kampani ya Paramount inaipanga kanema mu 1944, momwe munasewera Ray Milland. Nkhani yake ndi ya mnyamata ndi mlongo wake amene agula nyumba yotsika mtengo m'mphepete mwa nyanja kumwera chakumadzulo kwa England, n'kupeza kuti muli mizukwa iwiri. Mtsikana wina wa m'deralo, Stella, wakula akupembedza chikumbukiro cha Mary, malemu amene iye amamudziwa ngati mayi ake, amene aliyense amamutchula kuti anali mayi woyera mtima ndi wopanda banga, pamene mkazi wina, Carmel, wa ku Spain, amakumbukiridwa ngati wachiwerewere. Pamapeto zimadziwika kuti mzukwa wozizira ndi wankhanza ndi wa Mary, ndipo wolira mwachikondi ndi wa Carmel, yemwe ndiye mayi weniweni wa mtsikanayo. Oŵerenga ambiri a masiku ano amaona m'nkhaniyi yankho la Macardle kwa dziko limene linaika chithunzi cha mayi wangwiro m'malamulo ake kwinaku likuchitira nkhanza atsikana obereka asanakwatiwe, ndipo ine ndikugwirizana nawo, chifukwa nthawi imene inalembedwa ndi zimene iye anali atangolemba kwa de Valera zikuloza komweko. Zimene sakanatha kuzinena m'buku la mbiri lokhala ndi mawu oyamba a mtsogoleri wake, anazinena m'nyumba ya mizukwa. Anatulutsanso nthano zina zamtunduwu, monga Fantastic Summer mu 1946 ndi Dark Enchantment mu 1953, ndipo kampani yosindikiza ya Tramp Press ya ku Dublin inayamba kuzitulutsanso mu 2015, zimene zachititsa kuti achinyamata ambiri a ku Ireland lero amudziwe monga wolemba nthano asanamve n'komwe kuti anali wolemba mbiri.

Kusemphana kwachitatu kunali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. M'zaka za m'ma 1930 anakhalako ku Geneva monga mtolankhani pa misonkhano ya League of Nations, bungwe la maiko limene linalipo United Nations isanakhazikitsidwe, ndipo anaona msanga kuopsa kwa ulamuliro wa Hitler, makamaka pa zimene unachitira dziko la Czechoslovakia. De Valera anasankha kuti Ireland asalowerere nkhondoyo. Macardle, mayi yemwe anathera unyamata wake polimbana ndi Britain, anasamukira ku London kumene mabomba ankagwa, nathandiza anthu othawa kwawo, nalankhula pa wailesi ya BBC. Nkhondo itatha anayenda m'maiko a ku Ulaya kusonkhanitsa umboni wa zimene zinachitikira ana, ndipo mu 1949 anatulutsa buku lotchedwa Children of Europe, lofotokoza za njala, za ana a Chiyuda amene anaphedwa kapena kubisidwa, ndi za ana a ku Poland ndi kwina amene analandidwa kwa makolo awo. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali komwe kaja ka ku Kerry, kofunsa amene anaona ndi kulemba zimene anena, kungoti tsopano panalibe chipani choti achiteteze. Ambiri mwa amene aŵerenga mabuku ake onse amati ili ndi limene liyenera kudziwika kuposa mmene limadziwikira, ndipo sindikuwatsutsa.

Atabwerera kwawo anathandiza kuyambitsa bungwe loteteza ufulu wa nzika la Irish Association of Civil Liberty, nakhala pulezidenti wake mu 1951. Lipabuliki imene anailembera buku inalengezedwa mwalamulo pa 18 Epulo 1949, koma osati ndi de Valera, amene pa nthawiyo anali kumbali yotsutsa, koma ndi boma lotsogozedwa ndi John A. Costello wa chipani cha Fine Gael, chochokera kwa anthu aja amene anavomereza pangano. Macardle anamwalira ndi matenda a khansa pa 23 Disembala 1958 ku Drogheda, m'chipatala cha masisitere a Medical Missionaries of Mary, gulu lomwe anthu a ku Mzuzu amalidziwa chifukwa cha chipatala cha St John's. Mu wilo yake anasiyira de Valera ndalama zochokera pa malonda a The Irish Republic, chizindikiro chakuti kutsutsana konse kuja sikunathetse ulemu umene anali nawo pa iye. Zolemba zake zambiri zinatayika, zina pa moto wa asilikali mu 1922, zina pamene nyumba ya Abbey inapsa mu 1951, ndipo zina zinatenthedwa ndi mlongo wake iye atamwalira, koma makope amene ankalembamo za tsiku ndi tsiku ali m'ndende anapulumuka ndipo ali m'gulu la mapepala a de Valera ku University College Dublin.

Tsono pa kagwiritsidwe ntchito ka bukuli m'kalasi, aphunzitsi, ndingakulangizeni kuti mutengemo zikalata zenizenizo, makamaka mawu a panganolo ndi zolankhula za Collins ndi de Valera pa mtsutso wa mu Dáil, muwapatse ophunzira aziŵerenge okha asanamve ndemanga ya Macardle. Akatero muwaonetse mmene iye wafotokozera tsiku limodzi, mwachitsanzo tsiku losainira pangano, pambali pa mmene Béaslaí kapena Frank Pakenham, amene analemba za zokambirana za ku London m'buku la mu 1935, alifotokozera. Ngati muli ndi intaneti, maumboni 1,773 amene bungwe la Bureau of Military History linasonkhanitsa kwa anthu amene anatengako mbali, ndipo anatsegulidwa kwa anthu onse mu 2003, amapezeka kwaulere, ndipo umodzi mwa maumboniwo ndi wa Macardle mwini, ngakhale ambiri amaimira pa chaka cha 1921 osalowa mu nkhondo yapachiweniweni.

Chitsanzo chimodzi chaching'ono chingawathandize ophunzira kuona kusiyana kwa kunama ndi kusankha. Kwa zaka zambiri anthu a ku Ireland akhala akunena kuti boma la Free State linapha mwalamulo akaidi 77 pa nkhondo yapachiweniweni, ndipo nambala imeneyi inafala kwambiri chifukwa cha mndandanda wa m'buku la Macardle. Ofufuza a pambuyo pake amaŵerenga 81. Maina 77 amene iye analemba ndi a anthu enieni amene anaomberedwadi, ndipo anayi otsalawo ndi amuna amene anaphedwa pansi pa malamulo omwewo koma pa milandu monga ya kuba ndi mfuti, amene gulu lake silinawaŵerengere monga asilikali a lipabuliki.